Don Anacleto, Munthu Woopa Chikasu

Anthu amaopa njoka, ena mizimu, ena apongozi awo, koma Don Anacleto a ku Las Garzas ankaopa chikasu. Ee, mtundu wachikasu womwewu. Lemba choncho iwe, usandiyang'ane ngati ndaledzera.

Sikunali kupenga ayi. Nthawi imeneyo chilichonse m'mbali mwa mtsinje wa Ulúa chinali cha Kampani ya nthochi: njanji, nyumba tinkagonamo, sitolo, mpaka mpope wa madzi. Eni ake sitinawaonepo. Ankakhala kutsidya kwa nyanja, kumeza makampani anzawo ngati ng'ona, n'kumasintha dzina pachipata. Ife tinkangoti Kampani basi. Ndiye m'nthaka munali matenda. Masamba a nthochi akayamba chikasu, Kampani sinkavutika n'kuchiza, inkangozula njanji n'kukatsegula minda kwina. Anacleto anakulira ku Santa Rosita, anaziona ndi maso awo: madenga kusasulidwa, anthu kubalalika akatundu ali pamutu. Anafika kwathu mtima uli kale m'khosi, ndipo sunatsikenso.

Ntchito yawo inali yosadza masamba ndi chikwanje. Munthu wamtali, woonda ngati nsungwi, khosi lili m'mwamba tsiku lonse kusuzumira masamba. Dzira ankadya atatsinzina. Gulugufe wachikasu akatera pa nthochi, ankakuwa mpaka abulu onyamula mikoko kuthawa.

Tsiku lina akazi awo, a Remigia, anasoketsa diresi lachikasu la pachikondwerero. Bambo aja atangolowa pakhomo anabwerera chafutambuyo n'kugwa pamasitepe.

"Remigia, vula! Vula msanga!"

"Masana ano, Cleto? Ukalamba liti iwe?"

"Akakuona a Kampani!"

"Akandiona atani? Azula njanji chifukwa cha matako anga?"

Diresi lija linakathera m'mphika wa utoto, n'kutuluka ngati matope. A Remigia anawaphikira nyemba zopanda mchere mpaka mvula itayamba.

Anzawo nawonso sankawasiya. Kapitawo Fulgencio, wamimba ngati mbiya, akawaona akubwera ankaloza m'mwamba. "Compa, mnzanga, tsamba ilo likuoneka bwanji?" Anacleto n'kuponya chipewa pansi, anthu kuseka mpaka kugwira nthiti. Inenso ndinkaseka, pakamwa panga pano sipanayambe lero.

Koma Loweruka lina anabwera kuchokera kumunda osakuwa. Anangokhala pamasitepe, manja ali pamaondo. Apa mpamene tinachita mantha. Anacleto wokuwa tinamuzolowera, koma Anacleto wachete ayi.

"Cleto, yankhula," anatero a Remigia.

"Mzere wa kumtsinje," anayankha motsitsa. "Wonse."

Fulgencio anapita kukaona. Anabwerako mimba itaphwa. Ndipo Lolemba kunkabwera mzungu woyendera minda.

Anthu tinasonkhana pansi pa nyumba ina, poti nyumba za Kampani zinkamangidwa m'mwamba pamizati. Ena amati tidule mzerewo, koma mzungu akanaona zitsa. Ena amati tipite kutchalitchi. Kenako Anacleto anaimirira.

"M'shedi muli penti ya zitseko. Yobiriwira."

Palibe anaseka. Ukumva? Mudzi wonse, anthu a ndevu zawo, palibe mmodzi anati zimenezi n'zauchitsiru. Lamulungu lonse tinali kumunda, amuna pamakwerero, akazi ndi zisanza, kupaka masamba a nthochi penti. Anacleto akuyendayenda ngati mkulu wa asilikali. "Pakani kunsi komwe, comadre, mayi inu! Mzungu amawerama!" Wansembe anatidikira mpaka kutopa, n'kubwera kudzatikalipira. Anabwerera mkanjo uli wobiriwira, atagwira nawo makwerero.

Lolemba mzungu anafika pa kangolo kake ka injini koyenda panjanji, atavala suti yoyera mbee. Tsoka lake, kwathu kuja chinyontho sichitha, penti inali isanaume. Analowa mumzere muja, ife tikumutsatira. Tsamba limodzi linamukhudza paphewa. Lina pachipewa. Atatulukira mbali inayo anali ngati chinkhwe.

Anayang'ana mkono wa jekete. Ananunkhiza. Anayang'ana Fulgencio, Fulgencio n'kuyang'ana kumwamba ngati waitanidwa ndi angelo. Ndiye Anacleto, munthu amene ankabisala m'ngalande akamva kangolo kaja, anavula chipewa n'kupita kutsogolo.

"Patrón, bwana, musadabwe. Nthochi za kuno n'zathanzi kwambiri. Kubiriwirako kumachita kutayikira."

Mzungu uja anawayang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangotambasula dzanja kupempha chikwanje, n'kudula thunthu limodzi. M'kati munali mizere yakuda, fungo ngati la chinthu chakufa. Anabweza chikwanje chija mwaulemu, n'kukakwera kangolo kake.

Chaka chisanathe anabwera kudzazula njanji. Ambiri anatsatira Kampani, Fulgencio patsogolo. Ife ochepa tinatsala, chifukwa a Remigia anati sangasamukenso ndi munthu wogwa pamasitepe, ine n'kuti ngati a Remigia akutsala, ndizikangana ndi ndani kwinako?

Tsiku limene ananyamula chitsulo chomaliza, ndinawapeza Anacleto atakhala pamene panali njanji, akusenda nthochi yakupsa. Analuma pang'ono, n'kutafuna, n'kutafunanso.

"Comadre," anandiuza, "ndiye zimakoma chonchi?"

Munthu anakalambira m'minda ya nthochi asanalawepo yakupsa! Ndinafuna kuwanyoza, koma ndinangokhala pansi pambali pawo.

Anakhala zaka zingapo akulima chimanga ndi nyemba, n'kudzamwalira mwakachetechete pampando wawo. Las Garzas ilipobe, nyumba zowerengeka ndi tchire. Koma ndikuuze, kale tinkagona tulo chifukwa tinkadziwa kuti alipo wina amene akutiopera tonse. Mtsinje ukadzaza, galimoto yachilendo ikaima pamsewu, ankayamba ndi iwo kunjenjemera, ife n'kupeza womuseka. Masiku ano galimoto ikaima, timangosuzumira pazenera, aliyense m'nyumba mwake, aliyense ndi mantha ake.