Pulagini yanga pa ukwati wa eni ake

Lolemba

Yatheka! Pulogalamu yomwe timajambulira maseketi a magetsi kuntchito kuno ku Ginnery Corner ndi yaulere, aliyense amaloledwa kuwonjezerapo kake. Kanga ndi kapulagini koyeza ngati tinjira ta kopa pa bolodi tili tonenepa mokwanira kunyamula magetsi a inveta. Za mabolodi opserera zatha.

Ndatumiza kwa oyang'anira pulogalamuyo kutsidya kwa nyanja. Yankho lawo: "Ndi yabwino. Tiilowetsa mu pulogalamu yatsopano ngati pofika Lamulungu imangika ndi kutseguka pa makompyuta a mitundu itatu: Linux, Windows ndi Mac. Tumizani zithunzi."

Zithunzi! Zaka zisanu za uinjiniya, andifunse umboni ngati wogulitsa mankhwala a makoswe mu Limbe. Chabwino. Masiku atatu akwana, enawo ndipuma.

Lachiwiri

Linux ndi kwathu, laputopu yanga yomweyi. Ndikuyesa pa makina ena a mu wekishopu kungokwaniritsa mwambo. Ikukana! Kani pulagini ikutsamira pa kafayilo kamene kali pa laputopu yanga yokha. Ndani analemba zopusazi? Ndikufufuza. Dzina lotuluka ndi langa. Kafukufuku watsekedwa, si bwino kulozana zala pantchito.

Masana zilembo zonse zobiriwira, kusonyeza kuti yamangika. Chimodzi!

Lachitatu

Windows. Pano kompyuta yake ilipo imodzi, ya a Nankhoma, mlembi wathu. Imafunda kansalu koluka ngati wailesi ya apongozi. Malamulo awo:

- ndisambe m'manja
- foda ya nyimbo za Mvano ndisaiyandikire
- mpando ndisautsitse

Kumanga pulagini kwafika theka, koloko yati thwelofu, iwo thapu! azimitsa pakhoma. "Nayonso ipume, a injiniya, si kapolo." Kenako akukiya ofesi, ulendo ku maliro ku Bangwe.

Lachinayi

Ndafika ndi mandasi anayi a a Nankhoma ndi tepi yomatira swichi ya pakhoma. Vuto laoneka: Windows imalondola mafayilo mwa njira yakeyake, ndipo ine ndinalemba ngati dziko lonse ndi laputopu yanga. Kukonza malo ndi malo, msana kuwawa pa mpando wosatsitsidwa.

Zobiriwira! Ziwiri! A Nankhoma, mandasi ali m'kamwa: "Mwaona? Inangotopa."

Lachisanu

Mac. Ali nayo ndani mu Blantyre muno amene angandiyankhe foni?

- abwana: akuti ali nayo, koma ili ndi mwana ku Lilongwe
- mnzanga wa ku koleji: anagulitsa kalekale
- alamu a Zuze ku Nkolokosa, amuna a achemwali anga, ojambula maukwati

Kwa alamu sungofika n'kuti ndibwerekeni. Moni. Za ana. Za kutentha kwa ku Nsanje. Tiyi. Zithunzi za maukwati a anthu amene sindikuwadziwa, chimodzichimodzi, ndi mbiri ya amene anasiyana kale. Dzuwa litapendeka ndi pamene ndikutchula chondibweretsa.

"Alamu, makina awa sagona kunja. Mawa tili ndi ukwati ku Limbe. Mudzandinyamulire mawaya, ankhoswe akayamba kulankhula makinawo ndi anu."

Ine, wa digiri, wonyamula mawaya! Ndavomera asanamalize.

Loweruka

Holo yadzaza, ine mu suti, thukuta kamukamu. Ntchito yanga: kuonetsa zithunzi za akwati pa chinsalu chakutsogolo. Ankhoswe a kuchimuna aimirira: "Sinditaya nthawi." Zikomo, ndiye kuti ola lonse ndi langa.

Ndikuyamba kumanga pulagini pa Mac. Zofiira. Ndikukonza, ndikuyesanso. Koma bwanji holo yati zii?

Ndikudzutsa mutu. Waya wa pulojekita sindinazule! Pamene panali nkhope ya mkwatibwi pali zilembo zanga, zazikulu ngati zitseko, zikuthamanga. Ankhoswe atembenuka, pakamwa pali yasa. Alamu kuseri kwa kamera akundiyang'ana ngati andibweze kwa amayi anga.

Wotsogolera mwambo, munthu wosasowa chonena: "Musadabwe, abale! Kompyuta ikuyeza banjali. Zofiirazo ndi mayesero!"

Ndizule? Ndikazula pa zofiira ndaononga banja la eni. Ndikupitiriza. Zofiira kachiwiri. Azakhali a mkwati ayamba pemphero mokweza. Cholakwika ndachiona, kafayilo kamodzi kothandizira kali pa malo ena. Ndikukonza. Kachitatu, mzere pa mzere, anthu onse maso pa chinsalu...

ZOBIRIWIRA! Pulagini yatseguka, bolodi la inveta lili poyera. Nthungululu! Nyimbo! Mkwatibwi akupukuta misozi, ankhoswe akuomba m'manja ngati anajambula ndi iwo. Chithunzi ndatenga. Zitatu! Ndani ngati ine?

Lamulungu

Oyang'anira aja ailandira. Dzina langa lili pa mndandanda wa olemba pulogalamuyo, ndaliwerenga kasanu. Pansi pake awonjezera kuti: "Popeza muli ndi Mac, mbali imeneyo muziyesa ndinu nthawi zonse tikasintha kanthu."

Ndili ndi Mac. Ine.

Alamu aimba foni tikutuluka mu tchalitchi. Ndakonzeka kukalipiridwa. "Alamu, mabanja awiri afunsa kale za kuyezedwa kuja. Koma zofiira muchepetseko, azakhali aja agonekedwa ndi BP."

Loweruka likubwerali ukwati uli ku Chilomoni. Suti ndaichapa, ili pa chingwe.