Mawilibala a Phulusa la Malasha

Lolemba, 13 Januwale
Alipo: ine, mayi a Chisomo, alamu anga a Ngozo, komanso dalaivala wa lole. Phulusa la malasha lafika kuchokera ku fakitale ina ya ku Blantyre. Si la pamoto ayi, ndi lokhakhala ngati timiyala. A Ngozo akuti ku Joni, komwe ankagwira ntchito ya mumgodi, amalisakaniza ndi simenti n'kuumba mabuloko. Andikongoza ndi iwowo, K420,000. Kubweza Lamulungu. Ndikalephera atenga ng'ombe yanga, imodzi yomweyo.
Phulusa: K150,000
Lole mpaka kuno ku Tsangano: K270,000
Mawilibala 140, pa K5,000 wilibala imodzi.
Ndikupikulitsa, kuyambira mawilibala khumi.

Lachiwiri, 14
Amisiri omanga nyumba, a Kamwendo, alifikisa m'manja. "Ayambe wina, tione ngati nyumba yake siigwa." Apita. Kenako azakhali anga ndi beseni, akuti lothira m'chimbudzi. Nditchula mtengo chapansipansi. Aseka mpaka kukhala pansi. "Phulusa amagula? Mawa mutigulitsa utsi!" Ndawapatsa.

Lachitatu, 15
Mbiri yamveka. Kwathu kuno phulusa amapempha ngati moto, ndipo samana. Anthu abwera ndi mabeseni:
a zimbudzi, 9
a utitiri wa nkhuku, 4
otsukira mapoto, 6
owaza pa mbewu ya kachewere, 11
Onse abale, onse ayamba ndi moni. Ndikana bwanji? Atsala mawilibala 118. Ndalama: palibe.

Lachinayi, 16
Ndiumba mabuloko khumi achitsanzo. Simenti ya mbale ziwiri yopempha. Masana mvula! Mabuloko asanduka phala. Madzi akuda bii ochokera pamulu wa phulusa akutsetserekera m'munda mwa azakhali. Akuti chimanga chikapsa ndilipira, chikabereka ndiwaonjezere. Atsala 90, mongoyerekeza.

Lachisanu, 17
Maliro kumtunda, agogo a Nachisale. Galimoto yobweretsa thupi yatitimira padambo. Adzukulu afika ndi mafosholo: "Bambo a Chisomo, zagwazi mwazimva." Pa maliro sutchula mtengo. Athira phulusa langa mumsewu tsiku lonse, wilibalanso yanga yomwe. Ndawerenga mpaka 60, kenako ndayamba kukankha nawo.

Loweruka, 18
Kumanda akulengeza zopepesa. Uje ufa, uje nkhuku, "bambo a Chisomo, phulusa." Anthu akubisa kumaso m'zitenje.
Pobwerera a Kamwendo aima padambo paja, apondaponda, alumpha kawiri. "Achimwene, izi n'zolimba! Ndikufuna mawilibala 50 othira pansi pa sitolo, ndalama pompano." Tifika kunyumba. Atsala atatu, nkhuku zikusambamo.

Lamulungu, 19
Alipo: ine, a Ngozo ndi chingwe. Mayi a Chisomo akana kutuluka. A Ngozo akuti nzeru inali yabwino, vuto ndine wofatsa. Ng'ombe akuti yaonda, aiwerengera K350,000. Sinditsutsa.
Ndiwaperekeza mpaka padambo. Chaka chilichonse ng'ombeyi imakana kuoloka pamenepa chifukwa cha matope. Lero yadutsa bwinobwino, osaterereka n'komwe.
Pobwera ndipeza azakhali pakhomo, beseni lili m'manja.
Ngongole yotsala kwa a Ngozo: K70,000.