Galimoto Imene Sinalinso Yanga

Pali zinthu zimene munthu wa imvi sayenera kuulula, koma poti ku Nsungwi konse nkhaniyi inawanda kale, bola muimve kwa mwini wake.

Ndinagwira ntchito m'boma zaka zoposa makumi atatu. Ndinayamba ngati kalaliki, n'kumaliza ndili mkulu wa nthambi, uja amene akatsokomola pamsonkhano anthu amalemba m'kope. Ndinali ndi nyumba ya boma, dalaivala, ndi galimoto yoyera imene malo anga anali kumbuyo chakumanzere. Tsiku lopuma litakwana anandithira mawu okoma, kundipatsa wotchi yapakhoma (kuti ndiziwerenga bwino maola a ulova), n'kundilanda makiyi.

Tinasamukira kunyumba yathu ya ku Nsungwi. Aneba ndinawauza kuti ndili patchuthi chachitali ndipo galimoto ili ku galaja. Ndinkaopa kuti akadziwa zoti ndinapuma, ulemu wonse uthera pomwepo.

Ndiye kunagwa maliro ku Kawale, a mesenjala wathu wakale. Ndinapita pa minibasi, n'kutsikira patali kuti ndifike ngati munthu woti waimika galimoto kuseri. Tsoka ilo, pamaliropo ndinapeza aneba anga a Kalonga ndi akazi awo. Malemu anali mlamu wawo.

Mwambo utatha ndinaiona. Galimoto yanga, itaima pansi pa mtengo wa mango, dalaivala wanga wakale a Zimba atatsegula chitseko chakumbuyo. Miyendo inapita yokha, mutu sunafunsidwe. Ndinalowa, kudziponya pampando, n'kunena monga mwa masiku onse: "Tiyeni, a Zimba."

A Zimba sanasunthe. "Mwaswera bwanji, bwana?" anatero, maso ali kwina.

Chitsekocho anatsegulira mayi Nkhoma, amene analowa m'malo mwanga ku ofesi. Mayi omwewa ndinawalembera m'fayilo zaka zapitazo kuti utsogoleri sangauthe. (Maso anga pa anthu ndi akuthwa chotere.)

Munthu wanzeru akanatsika n'kupepesa. Koma a Kalonga ankayang'ana, ndiye ine ndinatsitsa galasi n'kuwabayibitsa.

"Khalani bwana, musavutike," anatero mayi Nkhoma akukhala kutsogolo. "Tikusiyani pa siteji. Paja galimoto ya boma sinyamula anthu wamba. Kalata yake munasaina ndinu."

Anthu wamba. Ine.

Tinayenda mtunda woti ngakhale nkhuku singatope. A Zimba anaima pa siteji, ine n'kukhala phee kudikira kuti anditsegulire. Sanatsike. Ndinapapasa chitseko mpaka mayi Nkhoma anacheuka n'kundilozera pogwira. Galimoto inanyamuka, fumbi lake lonse n'kuthera pa jekete langa.

Posakhalitsa a Kalonga anatulukira wapansi.

"Galimoto ikuthamangira kumsonkhano wadzidzidzi," ndinayamba motero. "Ndawauza kuti ine ndi munthu wa anthu, ndikwera..."

"Abambo, musadzivutitse," anatero a Kalonga akundisansa fumbi paphewa. "Mayi akunyumba kwanu anatiuza tsiku lomwe munasamukira kuti munapuma. Anatipempha kuti tizingovomera."

Miyezi isanu ndi iwiri, dera lonse likundifunsa mwaulemu kuti galimoto ituluka liti ku galaja. Manyazi amene ndinamva pa siteji paja sindidzawaiwala. Bodza likagwidwa limawawa, koma kudziwa kuti anthu ankakusungira bodzalo chifukwa chokumvera chisoni, kumeneko ndiye kufa uli chiimire.

Ndinafika kunyumba nditalusa. "Mayi, mwandisandutsa choseketsa pamaso pa anthu chifukwa chiyani?"

Sanasiye n'komwe kusita kwawo. "Zaka zonse zija ku ofesi anthu ankakuvomerani chilichonse. Ndinaona kuti akasiya onse tsiku limodzi, tikukwirirani chaka chisanathe."

Ndinafuna kutsutsa, koma ndinayamba kukumbukira misonkhano yonse ija imene maganizo anga ankadutsa popanda wotsutsa, ine n'kumati ndi nzeru. Ndinakhala pansi n'kupempha madzi akumwa.