Mthuthuthu Wokana Kutsanzika

Pa msongolo wanga wakumanja pali chipsera chotalika ngati chala. Ana akandifunsa ndimati ndi za mpira. Mayi awo akakhala pafupi amayamba kutsokomola, n'kutuluka panja kukaseka. Chipseracho ndinachitenga ku Karen, mumzinda wa Nairobi, Lamulungu lina masana, pamaso pa anthu amene ndinkafunitsitsa kuti andione ngati munthu wolongosoka.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndinali nditasiya ntchito ya nyuzipepala ku Blantyre n'kuyamba kulemba nkhani kubungwe lina la mayiko ambiri ku Nairobi komweko. Mamatatu, maminibasi a kumeneko, anali atandikwana, koma galimoto sindikanaikwanitsa. Mnzanga wina anandilozera kwa makaniko wa ku Eastleigh amene ankagulitsa pikipiki (ndimo amatchulira mthuthuthu kumeneko).

Mbiri yake ndinaifufuza bwinobwino, poti ndiyo ntchito ndinaphunzira. Inapangidwa ku England. Mwini wake woyamba anali mzungu wochita mpikisano wokwera miyala ndi kuwoloka mitsinje osatsitsa phazi pansi. N'chifukwa chake mpando unali kachikopa kochepa ngati chikhatho, popeza okwera njinga zotere amayenda choimirira. Injini inali ya pisitoni imodzi yaikulu, osati zija zosakaniza petulo ndi oyilo zolira ngati udzudzu. Iyi inkati du! du! du! ngati musi mumtondo. Zonsezi ndinazidziwa. Chimene sindinafufuze n'chakuti imalira bwanji.

Makanikoyo anandionetsa kamodzi. Utsegule petulo. Uponde kiki, chitsulo cholizira injini ndi mwendo, pang'onopang'ono mpaka ilimbe. Ukoke kachitsulo kakang'ono ka pahandulo, upondenso pang'ono, ukasiye, ndiyeno umenye ndi thupi lonse.

"Ukaiopa, mzee, imabweza," anatero. Anamenya kamodzi, njinga n'kulira.

Ine ndinagwedeza mutu. (Atolankhani timatha kugwedeza mutu ngati tamva, zomvazo timakazifuna kuofesi.)

Kunyumba ndinayesa, sizinatheke. Mwamwayi ndinkakhala pachitunda. Ndinatulukira kuti ukaikankhira kumtsetse, n'kuika giya yachiwiri, n'kusiya kilatchi, imalira yokha popanda kukangana nayo. Kuntchito nakonso kunali kamtsetse kumbuyo kwa ofesi. Pasanapite nthawi mzinda wonse ndinkaudziwa potengera zitunda. Pamalo athyathyathya sindinkaima, ndipo anzanga ena ndinasiya kuwayendera popanda mlandu uliwonse, kungoti nyumba zawo zinali pachidikha.

Ndiye panali Esinati. Ankaphunzira unamwino, ndipo tinali titagwirizana zomanga banja. Makolo ake ku Dedza anali atanena kuti popeza amalume ake, a Mwale, ali konko ku Nairobi, iwo ndiwo aone munthuyo, ndipo chimene anene n'chomwecho. A Mwale anali mkulu pantchito, munthu wa suti ngakhale Loweruka. Anandiitana kudzadya nawo tikaweruka kutchalitchi.

"Mubwere pa basi," anatero Esinati.

"Mwamuna wobwera pa basi ndi wobwera pa chake, amalume angasankhe uti?"

"Wobwerera bwino," anayankha.

Sindinamvere. Kunja kwa geti ya a Mwale msewu unali wotsetsereka pang'ono, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndikuti ndiimike pomwepo, eni nyumba anatulukira.

"Lowetsani, lowetsani! Mlendo wanga asiye njinga kumsewu, anthu ati chiyani? Ikani apo, patsinde pa mpeyala."

Patsinde pa mpeyalawo panali posalala ngati tebulo. Bwalo lonse linali chimodzimodzi. Chokwera chokhacho pamalopo chinali mulu wa miyala wofika m'chiuno, pamene mayi Mwale anabzala maluwa awo, ena ochokera nawo ku Zomba atawakulunga m'nyuzipepala yonyowa.

Chakudya chinayenda bwino. Anandifunsa kwathu, mpingo, ndi ngati ndimalawa. Ndinakhoza zonse. Kumapeto a Mwale anasuzumira pawindo.

"Chinthu chanucho n'chodalirika?"

"Sichinandichititsepo manyazi, bambo," ndinatero. Esinati anayang'ana m'mbale.

Tsono azungu oyandikana nawo ku Karen amatsanzikana pakhomo, chitseko n'kutseka. Ife ayi. Mlendo timamuperekeza, ndipo ngati wabwera pa chokwera timaima pabwalo mpaka atazimiririka. Kulowa m'nyumba mlendo akadali pabwalo ndi kumuthamangitsa. Onse atatu anatuluka nane. Mayi Mwale anandimangirira mapeyala m'nsalu kumsana, poti njingayo inalibe kaliyala. Ndinawerama, n'kuomba m'manja.

"Tsalani bwino."

"Muyende bwino, mukafike."

Ndinatsegula petulo, n'kumenya kiki. Injini inati fwu! ngati munthu wousa moyo. Ndinamenyanso. Fwu! Ndinamwetulira.

"Imafuna kaye itenthe," ndinalongosola, ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo.

Ndinayesa kukumbukira za makaniko uja. Kachitsulo ukoka usanaponde, kapena utaponda? Ndinayesa zonse ziwiri. Kenako injini inatsokomola kawiri ngati yagwira, ine n'kukweza dzanja msangamsanga.

"Tsalani bwino!"

"Muyende bwino!"

Inazima.

Kutsanzika kachitatu kunali kwa mawu otsika. Kachinayi a Mwale anati, "Tamva kale, bambo. Sungani mpweyawo, muufuna."

Jekete ndinavula, Esinati n'kulandira. Tayi inatsatira. Fungo la petulo linadzaza bwalo, kutanthauza kuti ndinali nditaimwetsa mopitirira, ndipo kumenya kulikonse kunkangoonjezera vuto (izi ndinaziwerenga pambuyo pake). Mapeyala ankandigunda kumsana ndikadumpha. Ndinawapempha kuti alowe, ndinyamuka ndekha.

"Iii, tilowe inu muli pano?" anatero mayi Mwale. "Tinaleredwa kuti ife?"

Anatuma Esinati kukatenga mipando. Anakhala mondandalika pamthunzi, n'kupitiriza kundiperekeza ali chikhalire. Patapita kanthawi kunabwera tiyi. Mayi Mwale anali ndi msonkhano wa amayi kutchalitchi madzulo amenewo, ndipo ankangoyang'ana dzuwa, koma pampando sanasunthe.

"Mwina mukuinyengerera kwambiri," anatero a Mwale akutakasa shuga.

Mawuwo anandilowa. Ndinakwera pa kiki ndi mwendo wonse, n'kudumpha ngati ndikuthyola nkhuni. Chitsulo chinatsika theka, injini inati phaa! n'kuchibweza. Nsapato inaterereka, kiki n'kundipeza pamsongolo. Ndinaona nyenyezi masanasana. Mawu onse amene ndinaphunzira kwa makondakitala a matatu, a Chiswahili ndi a zinenero zina, anathamangira kukamwa nthawi imodzi. Ndinaluma mlomo. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Mayo ine."

Magazi anadutsa pathalauza. Esinati anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi bandeji, ndipo akundimanga anandinong'oneza.

"Auzeni zoona."

"Zoona ziti?"

"Zoti simunailizepo ndi mwendo chiigulireni."

Ndinaimirira, n'kuvula chipewa. "Bambo, njingayi imalira pokhapokha ikakankhidwa."

A Mwale anaika kapu pansi. Kenako anavula jekete la suti, n'kulipinda bwinobwino pampando.

"Bwenzi mutanena tisanaphike tiyi. Esinati, gwira uko."

Anandikankha kuchokera kumpeyala kulunjika kugeti, nsapato zawo zakutchalitchi zikuterereka pa timiyala. Ndinasiya kilatchi. Du! Du! Du-du-du! Chimwemwe chake ndinatembenuka kuti nditsanzike mwaulemu, ndipo potembenukapo handulo inatembenuka nane. Nditayang'ananso kutsogolo, geti inali kumanzere, ine ndikulunjika pamulu wa maluwa.

Kugwira buleki kukanatanthauza kuzimitsa injini, mipando n'kubwereranso pamthunzi. Ndinaimirira pa zopondera n'kutsinzina.

Pano ndiyenera kuichitira chilungamo njingayo. Ntchito imene anaipangira inaigwira bwino kwambiri. Inakwera miyalayo ngati mbuzi, inadutsa pakati penipeni pa maluwa a ku Zomba, n'kutsikira mbali inayo ine osatsitsa phazi pansi. Mzungu uja akanandiombera m'manja. Nsalu inamasuka, mapeyala n'kumwazikana. Ndinazungulira mpeyala, ndinaipeza geti, ndipo kumbuyo ndinamva mayi Mwale akufuula, mwina mwa chizolowezi chabe:

"Muyende bwinooo!"

Jekete ndi tayi zinatsala komweko.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinalemba nkhani zopanda mutu. Lachitatu masana Esinati anafika kuofesi, jekete langa lili padzanja, nkhope ili gwa.

"Amalume akuti mwendo uli bwanji."

"Uli bwino. China anena chiyani?"

"Akuti munawanamiza patebulo, ndipo zimenezo sanazikonde. Koma akuti munthu womenyedwa ndi chitsulo mpaka magazi, n'kungoti mayo ine, sangatukwane mwana wawo."

"Nanga amayi?"

"Azakhali akuti Loweruka m'mawa mufike. Khasu alinola kale. Miyala yonse ibwerere m'malo mwake, maluwa mubzalenso, ndipo mukamaliza pali dimba la kuseri lofunika kutipula."

Ndinati, "Ndiye kuti ndi chilango."

Esinati anakhala pakona ya desiki, n'kundiyang'ana ngati wodwala wosamva malangizo.

"Inu ndi kufufuza kwanu konseko. Kwathu ku Dedza, mwamuna amene amalimitsidwa m'munda wa eni mkazi amatchedwa ndani?"

Ndinaganiza pang'ono. Mkamwini.

Loweruka ndinapita pa basi. Ndinasenza miyala mpaka manja anatuluka matuza, mayi Mwale akundilozera ndi ndodo pamene mwala uliwonse unali. Pochoka palibe anandiperekeza. A Mwale anangokweza dzanja ali kuseri kwa nyuzipepala, n'kuti potuluka nditseke geti. Sindinasangalalepo chotero chifukwa chosaperekezedwa.

Mungaganize kuti njingayo ndinaigulitsa. Ndinakhala nayo zaka zina zingapo, ndipo kuiliza ndi mwendo ndinakwanitsa kamodzi kokha, popanda mboni. Chikwatiraneni, nyumba iliyonse imene takhalamo ndinaisankha ndine, ndipo iliyonse ili pachitunda. Alendo akafunsa, Esinati amawauza kuti bambo a kuno amakonda kamphepo.