A Levison ndi Akafula Awo

Ku Bilston konse, ngakhale azungu ogulitsa kabichi pamsika ankadziwa kuti a Levison Kamphinda sapatsidwa moni wamba. Ukakumana nawo, bambo wamfupi ngati mtondo, atavala majekete awiri, ankaima n'kukufunsa kuti, "Wandionera pati?" Ukayankha kuti pompano, tsiku lako laipa. Yankho lake linali lakuti, "Ndakuonerani patali, bambo, ndili ku Wolverhampton." Apo ankaseka mpaka kutsokomola, n'kukugawira mtedza wa m'thumba.

Ankati funsolo n'la makolo awo, Akafula, anthu aafupi amene Achewa anawapeza m'dziko, omwe anajambula zithunzi m'mapanga a ku Dedza. Mkuluyu anabwera mu 2002 kudzapuma kwa mwana wawo Zelipa, namwino, koma kupumako kunasanduka ntchito yophunzitsa mbiri aliyense amene wachita tsoka lokhala nawo pafupi m'basi.

Mdani wawo wapamtima anali Martin, yemwe anatenga digiri ku Coventry ndipo ankakhulupirira chilichonse chokhala ndi chikuto cholimba. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ku Sparkhill, tiyi ali m'manja m'holo ya tchalitchiyo, nkhondo inkayambika.

"Akafula anatha, madala. Extinct. Buku la bwanamkubwa wachizungu likunena."

"Mzungu wakoyo anafunsa ndani?"

"Mafumu."

"Mafumu a anthu omwe analanda dzikolo? Fisi ukamufunsa za mbuzi, akuuza kuti inasamuka yokha."

"Nanga evidence yanu ili kuti?"

A Levison ankaimirira, ngakhale kuimirirako sikunkasintha zambiri. "Evidence ndi ineyo. Ndiyeze."

Tsiku lina Helen, namwino amene anasamukira ku Australia, anabwera kudzacheza n'kufotokoza kuti kumeneko eni nthaka akukangana ndi anthu ophunzira pa za kuchuluka kwa makolo awo amene anaphedwa ndi atsamunda. A Levison anavula chipewa. "Ndi akwathu amenewo. Ukawapatse moni, ukawauze kuti asafooke, kuno nafenso tili ndi Martin wathu."

Nkhani yawo inali imodzi. Ankati Akafula otsiriza anathawira m'phanga ku Mphunzi, adani n'kusonkha moto pakhomo pake. Mtsikana mmodzi anatulukira pamng'alu, analeredwa m'mudzi, anakwatiwa, n'kukhala agogo a agogo awo. Dzina la mayiyo ankalisunga ngati mbewu. Ankati silitchulidwa pakati pa mkangano, limadza kumapeto, anthu atakhala chete. Koma kumapetoko sankafikako. Akangoti moto, Martin ankalowerera kuti, "Chaka chanji?" Mkulu uja ankapsa mtima, mapazi akumenya pansi, amayi akuseka, mpaka wotseka holo atayamba kuliza makiyi. Martin ankapita kwawo akumwetulira, poganiza kuti Malamulungu ndi ambiri.

Kunyumba nakonso nkhaniyo inkathera panjira. Zelipa ankamva chiyambi chake akumanga nsapato. "Adadi, ndachedwa ku shift. Tidzakamba weekend."

Mu February 2007, chimfine cha a Levison chinasanduka chibayo, ndipo masiku atatu okha anakwana kuwatenga. Komiti ya maliro inasankha Martin kuti alembe mbiri ya malemu, poti ndiye wasukulu. Anakhala pansi ndi pepala, analemba za kubadwa, za ukalaliki ku Lilongwe, za ana anayi. Kenako cholembera chinaima. Anapita kwa Zelipa.

"Achemwali, mayi uja wa kuphanga, dzina lake anali ndani?"

Zelipa anadabwa. "Ndimayesa mukulidziwa ndinu, achimwene. Si inu munkakhala nawo Sunday iliyonse?"

Martin anaimba foni ku Dedza. Akuluakulu onse anali atatsogola kale. Msuweni amene anayankha anati sanalimvepo, n'kuwonjeza kuti, "Zaukafulazo n'zochititsa manyazi, musakazitchule pamaliro." Martin anatsegula buku lake lija, tsamba ndi tsamba. Munali mayina a mapiri, a mitsinje, ngakhale la galu wa mzunguyo. La Mkafula munalibe ndi limodzi lomwe. Manyazi amene anamugwira tsiku limenelo anaposa chisoni.

Pamwambo wotsanzikana, thupi lisananyamuke kupita kumudzi, Martin anaimirira kutsogolo. Anthu ena ankayembekeza kasekedwe, poti ankadziwa za awiriwa. Iye anawerenga modekha mpaka pamzere wotsiriza.

"Malemuwa anali mdzukulu wa Akafula, amene sanathe. Anachokera mwa mayi amene anapulumuka moto ku Mphunzi. Dzina la mayiyo..." Anayang'ana pepala, ngati kuti lingamere. "Anayesa kundiuza kwa zaka zisanu. Ine ndinkafunsa chaka."

Zelipa anabisa nkhope m'chitenje. Palibe anaseka.

Masiku ano tiyi wa ku Sparkhill amatha msanga. Anthu amakamba za ma visa ndi nyengo, n'kuthamangira basi ya pa Stratford Road, ndipo wotseka holo salizanso makiyi. Holoyo yakula, yazizira. Martin ndiye amatsalira kusanja mipando. Wachikulire wina akayamba kumuuza nkhani, ngakhale yooneka yabodza, iye amaika mpando pansi n'kukhalapo. Samudula mawu. Amadikira mpaka ithe.