Bodi Yofiira

Lolemba

Bodi yafika! Ndaitenga ku Lusaka poweruka kuntchito, ndaifungatira m'minibasi njira yonse ngati khanda. Kondakitala: "Ba bosi, nichophikilamo keke?"

Ndilembe bwinobwino kuti mutu ukhale m'malo. Loweruka lililonse timathamangitsa timotoka ta rimoti pabwalo la simenti la netibolo kuno ku Chalimbana. Tilipo ochepa. Alamu anga, alongo ake a akazi anga amake Tamara, amandisiya kumbuyo nthawi zonse, ndipo kuseka kwawo kumamveka mpaka kumsewu. Sabata ino tapangana kuti wogonja atsuka motoka ya mnzake.

Ndawerenga zambiri. Vuto si ine, ndi chigoba chapulasitiki chomwe chimavundikira kamotoka. Bodi yanga yakale ndi yobulungira, yolemera. Yatsopanoyi ndi yopepuka, ya mphuno yotsika. Mphepo imakanikiza matayala akutsogolo pansi, ndiye kamakhota msanga pakona.

Mwinanso vuto ndi ine ndithu. Tiona.

Lachiwiri

Tsiku lopenta. Bodi imabwera yoonekera mkati ngati botolo la madzi. Ndasankha buluu kuti isiyane ndi yofiira ya alamu. Ndapopera pakhonde, yawala bwino zedi. Amake Tamara: "Nkhuku zanga zikhale mwamene zilili."

Itauma ndaona kansonga ka pepala lapulasitiki kakutukuka m'mbali. Ndakoka pang'ono. Pepala lonse lasendeka, penti yonse yapita nalo, osang'ambika ngakhale pamodzi. Ndi lotchinjiriza kunja. Mabodi amenewa amawapenta mkati. Ndinaziwerenga. Ndinazidziwa!

Chitini cha penti chatha.

Lachitatu

Kuboola mabowo a timizati tomwe bodi imakhalapo. Ukaisunthira kutsogolo kamakhota kwambiri, ukaibweza kumbuyo kamakhazikika. Bwalo lathu ndi makona okhaokha, choncho kutsogolo.

Ndakayika. Ndaboola ena kumbuyo.

Ndakayikanso. Ena pakati.

Phiko la kumbuyo kwa bodi ndalidulako pang'ono kuti lisakachedwetse. Pamenepa pokha sindinakayike, ndipo n'zimene zikundidetsa nkhawa.

Amake Tamara ayang'ana mabowo aja: "Atate Tamara, mukasiliza munibweleke nisefele unga."

Lachinayi

Ndakayesa pabwalo ndekha. Zimene ndaona:

- Kakukhota. Pamenepo olemba sananame.
- Sikakusiya kukhota.
- Kumbuyo kukufuna kufika pakona kutsogolo kusanafike.
- Mphuno yotsika ija ikusesa mchenga, bwalo layera mbali imodzi.
- Bodi yopanda penti siioneka padzuwa. Ndikuyendetsa matayala anayi ndi chithunzithunzi.

Anthu amene ndimawerenga zolemba zawo amathamangitsira pa kapeti, m'nyumba. Za fumbi la Chongwe palibe analembapo.

Chidutswa cha phiko ndachipeza m'bini, ndachimata ndi tepi.

Lachisanu

Ndazungulira mahadiweya a pa boma. Penti yopopera ilipo yakuda ndi yofiira basi. Yakuda ingasowe pamthunzi. Ndatenga yofiira. Inde, ngati ya alamu, koma yanga ndidzaizindikira, mphuno ndi yosiyana.

Ndapenta mkati ulendo uno. Poopa kuti ingaonekere ndathira yambiri. Bodi tsopano ikulemera kuposa yakale, ndipo kulemerako kuli pamwamba, pamene olemba onse amati pasalemere.

Alamu atumiza uthenga pafoni: "Mulamu, nachoka ku Bundabunda na mbuzi kumbuyo. Vani sinizasuka, nakusungilani."

Ndauwerenga kawiri. Ine ndilibe motoka. Iwo akagonja atsuka chiyani? Kamotoka ka rimoti, ndi kansalu. Panganoli ndinalivomera ndekha, dzuwa likuswa mtengo, digiri yanga ya ku yunivesite ili pakhoma.

Loweruka

Tsiku la mpikisano.

Tayamba. Pakona yoyamba timotoka tonse taunjikana, fumbi lokhalokha. Kofiira katuluka patsogolo. Kakuyenda! Kakulowa pakona mosalala, kumbuyo sikukuterereka, kakutuluka mowongoka. Ndikakhotetsa, kakukhota. Zala zapepuka. Ndikuiona m'maganizo mphepo ija ikukanikiza mphuno pansi, misozi ikulengeza. Kumbuyo kwanga anthu akuseka. Ndikuti akusangalala nane.

Ine sindidzitama. Koma lero ndapendekera kwa alamu, maso ali pabwalo, ndanong'ona kuti, "Ni bodi, mulamu."

Iwo: "Bodi shani? Yanu ni ija ili chagada pa goli."

Ndayang'ana. Kamotoka kanga kagona chagada patsinde pa mzati wa netibolo chiyambire kona yoyamba. Matayala akuzungulira m'mwamba, akukhotera kumanzere, kumanja, kumvera zala zanga mokhulupirika. Galu wa alonda wakhala pambali pake, akuyang'ana.

Lamulungu

Tabwera kutchalitchi. Ndavula jekete, ndatenga ndowa. Mbuzi zasiya umboni wambiri m'vani ya alamu.

Alamu ali pampando pansi pa mtengo wa mango, akumwa munkoyo wanga: "Musaiwale pansi pa bodi. Imwe ndimwe muziba za mabodi."

Kamotoka ndakabwezera bodi yake yakale. Yatsopano amake Tamara aitembenuza, athiramo dothi, afesamo repu. Akuti mabowo otulutsira madzi ndinaboola bwino, pamalo pake penipeni. Ndi ntchito yokhayo ya sabata ino imene wina waiyamikira, ndipo ndailandira.

Sindikudandaula kwenikweni. Dzulo, kwa kanthawi, ndinamva mmene zimakomera kuyendetsa bwino. Kungoti kanali ka eni ake.

Madzi atha m'ndowa. Kwatsala mbali ya mbuzi.