Oilo wa injini pa mitengo ya ba madamu

Mpaka lero ndikamapita kumsika wa Kafue ndimazungulira cha kusiteshoni, kuopa kudutsa pageti ina yake yobiriwira.

Fakitale yathu itagulitsidwa, ife okonza makina tinauzidwa kuti tikapume. Ndinapumadi zaka ziwiri, mpaka mayi wina amene analemera ndi salaula, zovala za kaunjika, anandilemba ntchito yosamalira maluwa. (Ndinawauza kuti ndinakulira m'dimba. Linali dimba la mpiru, koma iwo sanafunse.)

Mtima wawo unali pa timitengo tisanu ta masamba onyezimira tochokera ku Lusaka. Loweruka mwana wawo ankakwatiwa, ndipo zithunzi zinayenera kujambulidwa pomwepo. Lachiwiri ndinapeza nthambi zitadzaza tinthu tofiirira ngati njerewere, masamba akumata, ena atada ngati mwaye, nyerere zili piringupiringu.

Ndinathyola kanthambi n'kuthamangira kwa ba Mweemba, mkulu wogulitsa mbande. Anakanda kanjerewere kamodzi ndi chikhadabo, kanatuluka madzi.

"Utu ni tudoyo, tumayamwa mtengo," anatero. "Fakani sipuni imodzi ya saladi na sopo mu baketi ya manzi, muthire dzuwa ikazizira. Mafuta yamatutsekera mpweya."

Saladi? Kwathu ku Nangongwe mkazi wanga ankayeza saladi, mafuta ophikirawo, ndi kachivindikiro ka botolo, ndipo ndinachita manyazi kumupempha. Koma kuseri kwa nyumba ndinali ndi chigubu cha oilo wakuda wa injini, chokhacho chimene fakitale inandisiyira. Komanso ine, wodzoza makina moyo wanga wonse, wogulitsa mbande andiphunzitse za mafuta? Ndinapaka ndi bulashi, osasungunula, masana dzuwa la Okutobala lili phwee.

Lachinayi tizilombo tonse tinali titafa, ine n'kumaimba mluzu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Lachisanu masamba onse anali pansi. Loweruka ndinamangirira mabaluni pa ndodo zisanu zakuda zija (nzeru inanso yanga), mkwatibwi n'kutsamira imodzi ndi diresi lake loyera.

"Imwe ba tata," anakuwa ba madamu, "iyi ni mitengo olo ni ma akiselo ya lole?"

"Koma tudoyo twafa, ba madamu."

"Na nchito yanu yafa!"

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa bwinobwino, phula ndinadyabe.

Nditafika kunyumba ndinaulula zonse. Mkazi wanga sanakalipe. Anatenga sipuni, nathiramo saladi mosamala, n'kuiika patsogolo panga.

"Aka ndiye munaopa kunipempha?"

Ndikanakonda akanangondikalipira.